Mmene mungayambitsire mphotho za chaka ndi chaka za ochita masewero muno mu Chipata

Masewero mu Chipata sasowa. Ana a sukulu amachita, achinyamata a kutchalitchi amachita pa Isitala ndi pa Khirisimasi, ndipo magulu a m'makomboni monga Kapata, Mchini, Nabvutika ndi Magazine amatengedwa ndi mabungwe kukaphunzitsa anthu za malungo, za kolera, za kukwatiwitsa ana aang'ono. Chimene chikusowa ndi tsiku limodzi pa chaka loti mzinda uwatchule maina anthu amenewa ndi kuwauza kuti ntchito yanu taiona. Mphotho za Ngoma Awards za National Arts Council, bungwe la boma loona za luso, zilipo, koma n'za dziko lonse, ndipo Lusaka ili pa mtunda wa makilomita opitirira 550. Mtsikana amene wagwetsa misozi ya amayi a pamsika pochita ngati wamasiye wolandidwa katundu, dzina lake silingakafike kumeneko ngati ife eni ake sitinalitchule.

Ndinene msanga mfundo imene malangizo onsewa atsamirapo. Tsiku lopereka mphotho ndilo gawo losavuta. Chovuta ndi chakuti oweruza aone masewerowo ndi maso awo, kumene akuchitikira, kwa miyezi ingapo, potsata malamulo amene magulu onse anawamva mpikisano usanayambe. Mukalephera pamenepa, chaka choyamba anthu adzabwera, chachiwiri adzati "amapatsana okhaokha" n'kukhala kunyumba.

1. Itanani magulu musanasankhe dzina la mphotho

Musayambe ndi dzina, chizindikiro kapena tsamba la Facebook. Yambani ndi kope ndi bolopeni, mulembe magulu onse amene achita sewero pamaso pa anthu chaka chathachi. Pitani ku ofesi ya boma yoona za chikhalidwe, funsani mamembala a NATAAZ (bungwe la ochita masewero m'Zambia), aphunzitsi amene amaperekeza ana ku mipikisano ya NASAAZ (bungwe la zaluso m'masukulu), atsogoleri a achinyamata m'mipingo, ndiponso okonza mapulogalamu ku Breeze FM ndi ku Radio Maria. Aliyense mwa amenewa amadziwa magulu ake, ndipo palibe amene amawadziwa onse.

Kenaka itanani msonkhano Loweruka masana, gulu lililonse litume anthu awiri, mmodzi akhale wamkazi. Pamsonkhanowo gwirizanani malire. Ine ndingati chaka choyamba mukhale m'tauni ndi midzi yoyandikira basi. Chipangali ndi Kasenengwa, ngakhale zinali mbali ya Chipata mpaka 2018, zilowe chaka chachiwiri. Katete, Chadiza, Lundazi ndi Petauke zidikire kufikira mutakhala ndi ndalama ya mayendedwe. N'kulakwira anthu kuwalemba m'kaundula pamene mukudziwa kuti woweruza sadzafikako.

Sankhani komiti ya anthu asanu ndi awiri. Mwini gulu akhoza kukhala m'komiti, pakuti ndiye akudziwa mavuto a ntchitoyi, koma asakhudze pepala la oweruza. Msungichuma akhale munthu wopanda gulu. Lembetsani komitiyo kwa Registrar of Societies, ofesi ya boma yolembetsa mabungwe, kuti muthe kutsegula akaunti ya kubanki, ndipo funsani ku National Arts Council, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994, zimene amafuna kwa okonza zochitika za luso.

2. Lembani malamulo, asapitirire masamba awiri

Alembeni m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, muwawerenge mokweza pamsonkhano, atsogoleri a magulu asayine. Mafunso oti malamulo ayankhe ndi awa: sewero lichitike pakati pa masiku ati kuti liwerengedwe? Likhale lalitali bwanji? Ndingalangize mphindi zosachepera 20. Gulu lidziwitse komiti masiku angati lisanachite? Masiku 14 ndi okwanira kupeza oweruza. Gulu limodzi lingalowetse masewero angati? Awiri akwana.

Chilankhulo chikhale chilichonse chimene anthu a kuno amamva: Chichewa, Chinsenga, Chitumbuka, Chingerezi, kapena chosakaniza cha m'tauni. Musapereke malikisi owonjezera chifukwa cha Chingerezi. Lembaninso kuti gulu linene amene analemba kapena kupeka nkhaniyo. Magulu ambiri sakhala ndi zolemba, amapeka pamodzi poyeserera, ndipo zimenezo n'zololedwa, koma anene choncho. Kutenga sewero la gulu lina n'kungosintha maina a anthu kuletsedwe poyera.

Pali nkhani ina yofunika kuisamala kuno kwathu. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ali ndi eni ake ndi mwambo wake. Sangaikidwe pa mpikisano n'kupatsidwa malikisi. Gulu likafuna kuonetsa za kudambwe kapena za m'chinamwali m'sewero lake, liyambe lafunsa mafumu ndi anamkungwi a dera lawo, ndipo zimene zili zachinsinsi zisatulukire pabwalo. Chiganizo chimodzi chotere m'malamulo chidzakutetezani ku mlandu umene ungathetse mphotho zonse.

3. Mphotho zikhale zochepa

Chiyeso chimakhala choti gulu lililonse lipite ndi kanthu. Musagonje. Mphotho zikachuluka kuposa magulu, palibe amene amanyadira. Yambani ndi izi: sewero lopambana la akuluakulu, sewero lopambana la sukulu, sewero lopambana la pabwalo, wochita bwino wamkazi, wochita bwino wamwamuna, wolemba kapena wopeka nkhani, wotsogolera sewero, ndi wa kuseri, kutanthauza wang'oma, wopeka nyimbo kapena telala wosoka zovala. Ngati magulu ochita pa wailesi alipo atatu kapena kuposa, onjezani yawo.

Ana a sukulu asapikisane ndi akuluakulu pa sewero lonse, koma mwana amene wachita modabwitsa aloledwe kulowa pa mphotho ya wochita bwino.

Mphotho ya sewero la pabwalo ndikufuna muiteteze, chifukwa padzapezeka wina wonena kuti sewero la pamsika kapena pansi pa mtengo wa mango si sewero lenileni. Mukumbutseni kuti m'zaka za m'ma 1970 ophunzira a ku University of Zambia a Chikwakwa Theatre ankachitira panja, ndipo ankayenda m'zigawo kukachita m'zilankhulo za anthu a komweko. Masewero a dziko lino anakulira pamenepo. Komanso kuchita pabwalo kuli ndi luso lakelake: palibe nsalu yobisalako, oonera akuzinga mbali zonse, njinga zikudutsa, woledzera akuyankhira, ndipo wosakondwa amangonyamuka. Amene wagwira anthu otere kwa theka la ola wagwira ntchito.

Pomaliza pakhale ulemu wa mkulu mmodzi amene watumikira masewero kwa zaka zambiri. Uwu si mpikisano. Komiti isankhe, ndipo ipite kunyumba kwake kukamuuza mwaulemu, pamaso pa banja lake.

4. Oweruza

Apa m'pamene muyenera kutherapo nthawi yambiri.

Pezani anthu asanu, ndipo sewero lililonse lionedwe ndi atatu mwa iwo. Asakhale a mtundu umodzi. Mphunzitsi wa Chinyanja wopuma pa ntchito amamva pamene mwambi wagwiritsidwa molakwika. Mphunzitsi wa ku Chipata College of Education amadziwa kamangidwe ka nkhani. Wokonza mapulogalamu a pa wailesi amadziwa mawu ndi nthawi. Mayi wachikulire wodziwa nyimbo za chimtali ndi za pamtondo amazindikira msanga nyimbo yoikidwa pamalo osayenera. Wachisanu akhale munthu amene anachitapo masewero n'kusiya. Pa asanuwo, akazi asachepere awiri.

Aliyense alembe papepala magulu amene ali nawo pa ubale: mwana, mphwake, mlamu, mpingo umene amapemphera, sukulu imene amaphunzitsa. Mu Chipata timadziwana, ndiye simudzapeza woweruza wopanda wachibale. Chofunika n'chakuti anene, ndipo tsiku limene gululo likuchita, apite wina.

Konzani pepala limodzi la malikisi 100. Mungagawe chonchi: kachitidwe ka anthu a m'sewero 30, nkhani ndi kamangidwe kake 25, chilankhulo ndi kamvekedwe ka mawu 15, katsogoleredwe ndi kagwiritsidwe ka bwalo 15, nyimbo, ng'oma ndi zovala 15. Onani kuti sindinaikepo malikisi a "uthenga". Ndachita dala. Masewero ambiri kuno amalipiridwa ndi mabungwe, ndipo uthenga amachita kupatsidwa. Kunena kuti kukwatiwitsa mwana n'koipa aliyense angathe. Chimene woweruza afunse n'chakuti: kodi bambo wokwatiwitsa mwanayo anaoneka ngati munthu weniweni, wokhala ndi ngongole ya feteleza ndi nkhokwe yopanda kanthu, kapena anangokhala chilombo chokuwa? Kodi nkhani inatha yokha, kapena panatulukira nesi n'kuyamba kulalikira kwa mphindi khumi? Sewero lophunzitsa liweruzidwe ngati sewero.

Pansi pa malikisi pakhale mizere yoti woweruza alembe zinthu zitatu: chimene chinayenda bwino, chimene chinafooka, ndi dzina la munthu amene anaoneka kwambiri. Dzinalo ndi limene lidzakuthandizeni posankha ochita bwino, pakuti pofika mwezi wa September palibe adzakumbukire nkhope ya mu May.

Mpikisano usanayambe, oweruza onse asanu aonere limodzi sewero limodzi losapikisana, aliyense apereke malikisi, kenaka afananize. Mudzaona kuti wina ndi wowolowa manja, wapereka 85, mnzake wapereka 55 pa sewero lomwelo. Akambirane kufikira atamvana kuti 60 akutanthauza chiyani ndipo 80 akutanthauza chiyani. Popanda zimenezi, gulu limapambana chifukwa cha mwayi wa oweruza amene linagwera.

Patsiku loonera, woweruza afike sewero lisanayambe, akhale pakati pa anthu, asakhale pa mpando wa alendo olemekezeka. Alembe pepala lake asanachoke pamalopo, osakambirana ndi anzake, asayine, aike mu envulopu, amate, apereke kwa mlembi wa komiti tsiku lomwelo. Ndalama ya njinga kapena ya minibasi ichokere ku komiti, isachokere ku gulu. Nkhani ya chakudya ndi yovutirapo, chifukwa kukana nsima pakhomo pa munthu ndi mwano. Njira yake ndi kuilemba m'malamulo ndi kuilengeza pamsonkhano woyamba, kuti oweruza salandira chakudya, nkhuku kapena mphatso. Zikatero woweruza akhoza kunena kuti "Pepani amayi, lamulo lathu lija," ndipo palibe wokhumudwa.

Jambulani sewero lililonse pa foni kuti musunge, koma musaweruze poonera vidiyo. Foni simva kuseka kwa anthu a kumbuyo ndipo imachepetsa mawu a wochita amene ali patali.

Nanga mavoti a anthu? Ambiri adzapempha kuti anthu azivota pa Facebook kapena pa meseji. Dziwani kuti amapambana ndi amene ali ndi achibale ambiri okhala ndi mabandulo. Ngati mukufuna mphotho ya "wokondedwa ndi anthu", ikhale imodzi yokha, ndipo avote papepala anthu amene abwera patsiku la mwambo ataonera zidutswa za masewerowo.

5. Kalendala itsate chaka cha kuno

February musiyeni, mitima ya anthu ili ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, Loweruka lomaliza la mweziwo, ndipo ovina ndi oimba ng'oma ambiri ali kumeneko. Tsegulani mpikisano pa 27 March, tsiku lokumbukira masewero pa dziko lonse lapansi. Mvula imakhala ikutha, ndipo masewero a Isitala ali pafupi.

Kuweruza kuyende kuyambira April mpaka pakati pa September. Masukulu aonereni mu temu yachiwiri, chifukwa mu August atseka ndipo temu yachitatu mitu ili pa mayeso. Loweruka lomaliza la August musaikepo kanthu, ndi la mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika. Mwambo wopereka mphotho uchitike kuchiyambi kwa October: mvula sinayambe, alimi agulitsa mtedza, soya ndi chimanga, amalonda ali ndi kangachepe, ndipo zokonzekera tsiku la ufulu la 24 October sizinatenge maholo ndi magulu ovina.

6. Ndalama

Lembani bajeti motsata kufunika kwake. Pamwamba penipeni pakhale mayendedwe a oweruza a miyezi yonse. Kenaka mphotho, holo, zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake. Zokongoletsa zikhale pansi, ndalama ikatsala.

Popempha, pemphani zinthu kuposa ndalama. Mwini loji akhoza kupereka holo masana amodzi. Wa sitolo ku Down Shops akhoza kupereka zitenje. Wosindikiza akhoza kupereka masatifiketi, wailesi ikhoza kupereka mphindi zolengeza. Pitani awiriawiri ndi kalata yosayinidwa, munene chimene mukufuna ndi chimene mudzachite pomuthokoza. Chilichonse cholandiridwa chilembedwe m'buku la malisiti, ngakhale kireti ya zakumwa. Kubanki asayine anthu awiri. Ndalama za pa foni, kaya za Airtel kapena MTN, zisalowe pa nambala imene munthu amagwiritsa ntchito pa zapakhomo pake.

Musalengeze mphotho ya ndalama imene simunaigwire m'manja. Gulu lopatsidwa envulopu yopanda kanthu pamaso pa anthu, n'kuuzidwa kuti "mudzalandira sabata yamawa", silidzaiwala. Ndipotu chimene magulu amasowa kwambiri ndi zipangizo: ng'oma ziwiri zabwino, nsalu yakuda ya kumbuyo, sipika yotchaja, kapena ndalama ya basi yopitira ku mpikisano wa dziko lonse. Chikho musagule cha pulasitiki. Pezani mmisiri wosema wa konkuno, aseme zofanana chaka ndi chaka, alembepo chaka ndi dzina la mphotho.

Andale aitaneni monga mwa maudindo awo. Chipata ndi mzinda kuyambira 2017, ndipo n'koyenera kuti a Meya adzaone ana a mzinda wawo. Koma mphotho isatchedwe dzina la munthu amene akufuna mpando, makamaka m'chaka cha chisankho. Masewero abwino amadzudzula olamulira, ndipo gulu lisamaope kuti litaya chikho chifukwa chonena za misewu kapena za madzi.

7. Kusankha ndi kulengeza

Kuweruza kukatha, oweruza ndi mlembi akhale pansi, atsegule maenvulopu, awonkhetse malikisi, apeze atatu apamwamba pa mphotho iliyonse. Lengezani maina amenewa pa wailesi milungu itatu mwambo usanachitike. Kwa ambiri, kumva dzina lawo pa wailesi makolo akumvetsera ndi mphotho kale. Opambana adziwike kwa oweruza ndi mlembi okha, ngakhale wapampando asadziwe. Pakakhala kufanana, oweruza avote mobisa.

8. Tsiku la mwambo

Yambani 14 koloko, mutseke dzuwa lisanalowe. Ambiri abwera pansi kapena pa njinga, ndipo pali ana a sukulu oti abwerere kwawo kukadali kowala. Dziwitsani apolisi nthawi ikadalipo. Jenereta iyesedwe m'mawa, musadalire kuti magetsi a ZESCO akhalapo. Mtengo wa pakhomo ukhale wotsika, ndipo osankhidwa alowe ulere pamodzi ndi munthu mmodzi wa kwawo.

Anthu abwera kudzaona masewero, choncho masewero atatu osankhidwa pa mbali iliyonse aonetse kachidutswa ka mphindi zisanu ndi ziwiri, wosunga nthawi ali ndi belu. Zolankhula zikhale ziwiri zokha, za wapampando ndi za mlendo wolemekezeka, ndipo auzidwe m'kalata yowaitana kuti ali ndi mphindi zisanu. Akakhalapo a mfumu kapena nduna zawo, alandireni monga mwa mwambo, apatsidwe malo awo.

Potchula wopambana, musangoti "wapambana ndi uje". Woweruza mmodzi awerenge ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena chimene munthuyo anachita, m'sewero liti, kuti. Mawu amenewo ndi amene amaphunzitsa magulu ena chimene chikufunika, ndiponso amatseka pakamwa onena za kukondera. Wotsogolera mwambo ayeserere maina onse dzulo lake. Khalani chete mphindi imodzi kukumbukira ochita masewero amene amwalira m'chakacho. Aliyense wosankhidwa alandire satifiketi yolembedwa dzina lake molondola, chifukwa achinyamata amaziika pa makalata ofunsira ntchito. Zithunzi za ana musaziike pa intaneti makolo kapena aphunzitsi asanavomere.

9. Milungu iwiri yotsatira

Komiti zambiri zimabalalika holo ikangosesedwa, ndipo mphotho za "chaka ndi chaka" zimathera pa chaka chimodzi. Ikani msonkhano wa magulu onse pasanathe masiku 14, ndipo tsiku lake mulilengeze pa mwambo pomwepo.

Pamsonkhanowo msungichuma awerenge ndalama zonse zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, amate pepalalo pakhoma, ena alijambule. Gulu lililonse lilandire ndemanga za oweruza zolembedwanso popanda maina awo. Amene ali ndi dandaulo alilembe pasanathe masiku 7 chichitikire mwambo, ndipo liyankhidwe pamsonkhanowu. Chigamulo sichisintha pokhapokha ngati malikisi anawonkhetsedwa molakwika, koma lamulo limene lavuta likhoza kukonzedwa kuti chaka chamawa liyende bwino. Pitaninso kwa onse amene anathandiza, muwapatse kalata yothokoza ndi chithunzi.

Gulani buku lalikulu lachikuto cholimba. Lembanimo sewero lililonse limene linaonedwa, gulu lake, tsiku, malo, maina a ochita ndi a wolemba, osati opambana okha. Pemphani magulu amene ali ndi zolemba apereke kope, ndipo amene alibe, mavidiyo aja akopedwe pa mafulashi awiri osungidwa m'nyumba ziwiri zosiyana. Oweruza awiri apume, alowe awiri atsopano, atatu atsale kuti aphunzitse anzawo. M'komiti namonso musinthe anthu atatu. Bukulo ndi makiyi a bokosi la malisiti ziperekedwe kwa mlembi watsopano pamaso pa onse, ndipo musanabalalike gwirizanani tsiku la mu January loti mukumane kukonza malamulo a chaka chachiwiri.